Tsiku Limene Ndinakana Kudyetsa ba Hedi

Amene anandibweretsera uthengawu anali amayi Sakala, amene timaimba nawo m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Anandipeza pampopi kuno kukomboni ya George, ndili pamzere ndi zigubu zanga, ndipo sanadikire n'komwe kuti tifike kunyumba.

"Amake Dali, muli na mtima wosunga odwala imwe? Kuli nyumba ku Matero bafuna munthu. Ni mdala, banadwala sitiroko."

Ndinayankha kuti mtima ndili nawo. Nthawi imeneyo bambo a ana anga anali atachotsedwa ntchito ya ulonda, ana ali pasukulu, ndipo ine ndinali ndisanalembedwepo ntchito chibadwire. Kugulitsa tomato pakhomo ndinagulitsapo, kuchapira anthu zovala ndinachapapo, koma zodzuka m'mawa n'kupita kwa bwana sindinkazidziwa. Sukulu ndinalekezera Giredi 7 kwathu ku Katete. Chimene ndinkadalira n'chakuti ndinasamalapo apongozi anga mpaka Mulungu anawatenga.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Matero, kunyumba zakale za kanselu zija. Anandilandira ba Esinati, mwana wamkazi wa odwalawo, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Odwalawo dzina lawo ndi ba Tembo, koma msewu wonse umawaitana ba Hedi, chifukwa anali mphunzitsi wamkulu kwa zaka zambiri asanapume. Akazi awo anamwalira kale. Ndinawapeza pa wilicheya pafupi ndi windo, mkono wamanja uli lende, mwendo wamanja wosamva, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Mawu amene ankatuluka bwinobwino anali awiri okha: "iyayi" ndi "zikomo".

Ba Esinati ankathamangira minibasi, choncho sanachulukitse mawu. "Muzibasambika, muzibavalika, muzibadyetsa. Osabasiya beka. Ni atate banga aba, amake Dali, nabasiya m'manja mwanu."

Ndinaigwira ntchitoyo ndi mtima wanga wonse. Madzi akumwa ndinkawapatsa nditagwada. Phala ndinkawadyetsa ndekha n'kuwapukuta pakamwa. Mabatani a shati ndinkamanga ndine, nsapato ndine. Powadzutsa pabedi ndinkakoka mkono wakufawo n'kuukoleka pakhosi panga, monga ndinkachitira ndi apongozi. Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumuonerera akuvutika iwe uli ndi manja awiri. Ba Hedi ankangoti "zikomo, zikomo", ine n'kumabwerera ku George mtima uli mbee.

Kenako kunabwera ba Mutinta. Iwowa ndi a fizio, anthu aja amaphunzitsa ziwalo zakufa kuyambanso kugwira ntchito. Anali mtsikana wamng'ono kwa ine, wovala thalauzi ndi nsapato zothamangira, kachikwama kali kumsana. Tsiku loyamba anangoima pakhomo la kuchipinda n'kunena kuti ndichite zonse monga ndimachitira masiku onse. Nditangogwira mkono uja kuti ndikoke, anakuwa.

"Imani! Mayo, phewa ija! Muzaichotsa pamalo!"

Ndinachita manyazi. Koma sanandinyoze. Anatenga dzanja langa n'kuliika paphewa la ba Hedi kuti ndimve ndekha kampata kamene kanali pakati pa mafupa. Anati minofu ikafa, mkono umangolendewera, ndipo ukaukoka umang'amba zam'kati, munthuyo n'kumamva ululu woti sangathe kuunena.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mwana wa sukulu. Anandiphunzitsa kumanga chitenje cholimba m'chiuno mwa ba Hedi kuti ndizigwira pamenepo, osati mkono. Odwala asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere m'mbuyo pang'ono, bondo langa litseke bondo lawo lofookalo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala zakumapazi, ndiye aimirire. Akakhala pansi, pilo pansi pa mkono wodwalawo, zala zotambasula. Povala, mkono wodwala ndiwo uyambe kulowa m'shati; povula, uyambe wabwino. Pakudya akhale tsonga, chibwano chotsika pang'ono, ndipo akamaliza ndiyang'ane m'tsaya lakumanja ngati mwatsalira chakudya, chifukwa mbali imeneyo samva ndipo chikhoza kuwatsamwitsa. M'mawa uliwonse ndione zidendene ndi m'munsi mwa msana ngati pafiira, chifukwa chilonda chogonera chimayamba choncho.

Zonsezi ndinazilandira ndi manja awiri. Chimene chinandivuta chinabwera pambuyo.

Tsiku lina ba Mutinta anatenga supuni, n'kukulunga chogwirira chake ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka chinanenepa. Pansi pa mbale anayala kansalu konyowa kuti mbale isamathawe. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Manje nchito yanu yavuta, amake Dali. Manja kumbuyo. Ba Hedi bazadya beka, na dzanja ya kumanzere."

Ba Hedi anayang'ana supuniyo, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. "Iyayi."

Ine ndinawamvetsa. Dzanja lamanzere kwathu sudyera, superekera chinthu, sulandirira. Ba Esinati anadzandiuza kuti bambo awo ali mphunzitsi ankamenya ndi rula mwana aliyense wolemba ndi manzere mpaka asinthe. Lero munthu yemweyo auzidwe kuti adyere dzanja limenelo, kamtsikana ndi wantchito akuonerera!

Ba Mutinta anakhala pansi pafupi nawo n'kuwalankhula mwaulemu, kuti thupi limaiwala chimene silichita, ndipo munthu amene amachitiridwa zonse amatha msanga ngati nyumba yopanda wogonamo. Patapita masiku ba Hedi anaitola supuni ija.

Abale anga, kuimirira n'kumaonerera kunali kowawa kuposa kunyamula. Supuni inkanjenjemera, phala n'kugwera pachifuwa, iwo n'kuyambiranso. Manja anga ankachita kuyabwa. Ndinkapita kukapukuta windo lopukuta kale, n'kubwerera, n'kupitanso kukasuntha mipando yosafuna kusunthidwa. Masiku ena mtima unkandikanika, n'kuwalanda supuni mwaulemu kuti ndiwamalizitse. Ba Mutinta akabwera ankangoyang'ana zovala zimene ndayanika pachingwe.

"Mashati yayera so, ba Hedi badya beka zoona? Ine nifuna kupeza phala pa shati, amake Dali. Phala pa shati ndiye lipoti yanga."

Tinkaseka, ngakhale ba Hedi ankaseka ndi pakamwa pawo popotoka paja, koma mawuwo ankalowa.

Pali chinthu china chimene mtsikana ameneyu anachita chimene sindidzaiwala. Poyamba anatipatsa kampira kofewa kuti ba Hedi azikafinya ndi dzanja lodwalalo. Tinafinya kampirako mokhulupirika. Tsiku lina anafika akupuma mwamphamvu, asanakhale n'komwe pansi anati kampira kaja tikabise. Anali atachokera kumaphunziro a anthu a ntchito yawo, ndipo kumeneko anamva kuti dzanja limene layamba kale kufumbata lokha ngati la ba Hedi silifuna kufinya, lifuna kuphunzira kutambasuka.

"Ninakuuzani vosayenera, munikhululukire," anatero.

Ndinadabwa kwambiri. Munthu wa digiri kupepesa kwa ine wa Giredi 7? Ndinamufunsa kuti nanga sukulu sanamalize kodi. Anaseka.

"Vamene ninaphunzira kusukulu vimakalamba, amake Dali. Nikaleka kuphunzira nizayamba kupweteka banthu na vinthu vakale, uku nili kuvala yunifomu yoyera."

Ndi tsiku lomwelo limene anandiuza za maphunziro a Loweruka a anthu osamala odwala kunyumba, amene ankachitikira m'holo ya kiliniki ina. Ndinakana kaye. Ndinkaopa bolopeni, ndinkaopa Chizungu, ndinkaopa kusekedwa ndi ana. Koma ndinapita. Ndinapeza kuti amaphunzitsa m'Chinyanja, ndipo zambiri tinkayeserera pa matupi athu omwe, wina kukhala wodwala, wina womudzutsa. Pabenchi langa pankakhala mayi wina wa imvi, nesi wopuma ntchito, amene ankafunsa mafunso kuposa tonse. Nditaona iyeyo, manyazi anga anatha.

Ba Hedi anayamba kusintha. Anayamba kumaliza mbale okha. Anayamba kuimirira, kenako kuyenda ndi ndodo ya miyendo itatu kuchoka pabedi mpaka kuchimbudzi, ine ndili kumbali yodwalayo nditagwira chitenje. Tsiku limene anafika pakhonde ndi miyendo yawo, amayi ogulitsa makala kutsidya kwa msewu anaimba nthungululu.

Ndiye kunabwera ba Joseph, mwana wawo woyamba, amene amakhala ku Kitwe. Anali asanawaone bambo awo kuyambira pamene anatuluka m'chipatala. Anakonza zoti Lamlungu akuluakulu a mpingo wawo ndi ena amene anaphunzitsidwa ndi ba Hedi abwere kudzapemphera, ndipo ine ndinapemphedwa kuti ndibwere ngakhale linali tsiku langa lopuma. Ba Joseph anawaveka bambo awo shati yoyera, tayi ndi jekete. Ankaoneka bwino zedi, ngati akupita kukaimirira kutsogolo kwa ana a sukulu.

Mapemphero anatalika, nthawi ya mankhwala inakwana, ndipo mankhwalawo samwera m'mimba mopanda kanthu. Ba Esinati anali atathamangira kumsika kukaonjezera zakumwa za alendo. Ndinakonza mbatata ya kandolo yosinja ndi nsinjiro, chakudya chofewa chimene ba Hedi amakonda, n'kuwanong'oneza kuti ndiwapititse kuchipinda akadye. Anati "iyayi", n'kuloza patebulo, pamalo pawo pa masiku onse. Ndinayala kansalu konyowa, ndinaika mbale, ndinaika supuni ya mphira ija. Ndinabwerera m'mbuyo.

Ba Hedi anatola supuni ndi dzanja lamanzere. Mwina chifukwa cha maso a anthu, dzanja linanjenjemera kuposa masiku onse, ndipo supuni yoyamba inagwera pa tayi. Mayi wina pakona anati, "Mayo ine, ba Hedi!" n'kudziphimba kumaso.

Ba Joseph anaimirira. "Iwe mayi, uli kuyang'ana chani? Badyetse!"

Chikhalireni changa, munthu wa msinkhu wa mng'ono wanga anali asananditchulepo kuti iwe. Ndinagwada pansi.

"Ba Joseph, atate bakwanitsa beka. Bafuna chabe nthawi."

"Na manzere? Pamaso pa banthu? Uziba ni ndani aba? Banthu bonse bali muno banapita m'manja mwao! Tinakulemba kuti uziimirira monga kapitao?"

Analanda supuni m'dzanja la bambo awo n'kuiika m'dzanja langa, n'kufumbatitsa zala zanga.

Sindidziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinaganiza za ana anga ndi bambo awo amene ali pakhomo. Ndinaganiza kuti supuni zochepa chabe, alendo apite, mawa tiyambiranso. Ndinali nditayamba kale kutunga kandolo. Koma nditakweza maso ndinaona kuti ba Hedi sakuyang'ana mwana wawo, sakuyang'ana alendo, akuyang'ana ine. Dzanja lawo lamanzere linali likadali patebulo, lotambasula, monga linalili pamene supuni inachotsedwa. Dzanja limeneli linawatengera manyazi aakulu kuti alivomere, ndipo lero anasankha okha kulionetsa kwa anthu. Ndinati mumtima, Ambuye, mundisungire ana anga.

Ndinabwezera supuni m'dzanja mwawo, ndinaika manja anga kumbuyo, ndikadali chigwadire.

"Tenga chola chako," anatero ba Joseph. "Osabwelanso."

Potuluka ndinamva ba Hedi akunena "iyayi, iyayi", koma panalibe amene anadziwa kuti akukana chiyani, kapena panalibe amene anafuna kudziwa.

Msewu wa ku George tsiku limenelo unatalika. Nditafika ndinawafotokozera bambo a Dali. Anati, "Supuni chabe, amake Dali? Nchito yatha chifukwa cha supuni?" Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

Masabata otsatirawo ndinasowa pokhala. M'mawa ndinkadzuka nthawi yomwe ija, n'kumanga chitenje, n'kukumbuka kuti kulibe kopita. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Dzuwa likafika pamutu ndinkadziwa kuti ino ndi nthawi ya mankhwala, n'kumadzifunsa ngati wina wayang'ana m'tsaya muja, ngati wina waona zidendene. Popemphera mawu ankasokonekera: ndiyambe kupempha ntchito, ndipezeke ndikupempherera phewa la ba Hedi. Tsiku lina ndinkadziona wolungama, tsiku lina ndinkadziona chitsiru chimene chalanda ana ake chakudya chifukwa cha mwano. Amayi Sakala anabwera kudzandiuza kuti ndipite ndikapepese. Ndinavala nsapato, ndinafika mpaka pamsika, ndinabwerera, chifukwa sindinadziwe kuti ndikapepesa ndikalonjeza chiyani.

Kumaphunziro a Loweruka sindinasiye. Bambo a Dali ankati, "Muphunzira kusunga ndani, ine?" Koma ndikakhala pakhomo mutu unkandizungulira. Kumaphunziroko ndinakumana ndi ba Mutinta. Nawonso anali atauzidwa kuti ayambe aima kaye kubwera. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira kapena anyoza ba Joseph, koma anagwira mutu.

"Apa napo ninaphonya. Ninaphunzitsa imwe na ba Esinati, koma banja yonse sininaikhazike pansi. Ba Joseph banaona chabe tate wao na chakudya pa tayi. Nikanakhala ine, nanenso nikanakalipa."

Anati salola kuti zithere pomwepo, aziwaimbira foni ba Joseph mpaka atatopa naye.

Panapita nthawi ndithu. Tsiku lina masana ndinaona ba Esinati akudumpha ngalande ya pakhomo pathu ndi nsapato zawo za mu ofesi, akufunsa ana kuti kwa amake Dali ndi kuti. Atakhala pansi anayamba kulira. Anati analemba mayi wina wa ku Chawama, dzina lake amake Luka, munthu wabwino mtima, waukhondo, waulemu. Mayiyo ankawachitira ba Hedi zonse monga ba Joseph analamulira, mpaka kuwadyetsera pabedi. Tsopano ba Hedi sakuimiriranso, dzanja lafumbata gwa, ndipo m'munsi mwa msana mwatuluka chilonda. Ngakhale "zikomo" uja anasiya kumunena. Ba Esinati anandipempha kuti ndibwerere pantchito.

Nditafika ku Matero m'mawa mwake ndinapeza ba Joseph alipo, atabweranso kuchokera ku Kitwe, ndi ba Mutinta. Ba Hedi anali atachepa thupi. Atandiona anatseka maso, misozi n'kutsika mbali imodzi. Ba Joseph sananene kuti pepani, ndipo ine sindinkafuna kuti anene. Ba Mutinta anawapatsa chitenje kuti amange okha m'chiuno mwa bambo awo. Anamanga mopotoka, anamasula, anamanganso. Kenako anatembenuka, thukuta lili pamphumi.

"Amake Dali, nionetseniko. Bondo yanga niike pati?"

Ndinagwada n'kuwaonetsa.

Sindinganame kuti zonse zinabwerera. Chilonda chinatenga nthawi kuti chipole. Kuyenda ndi ndodo kuja sikunabwerenso mpaka lero, ndipo ba Mutinta akuti mwina sikudzabwera, ngakhale tikuyesabe. Koma ba Hedi amaimirira kuchoka pabedi kupita pa wilicheya, ndipo amadya okha patebulo, kaya kuli alendo kaya kulibe.

Chimene ndinatolapo ine n'chakuti mtima wabwino pawokha sukwanira pa ntchito imeneyi. Ine ndi amake Luka tonse tinawakonda ba Hedi mofanana, ndipo tonse tinawapweteka ndi chikondi chomwecho, kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinapeza wondiphunzitsa. Ulemu umene tinaphunzira kwa makolo ndi wabwino, sindiutaya. Koma pali odwala ena amene ulemu wake ndi kuwasiya avutike pang'ono iwe uli pafupi, ndipo zimenezi munthu sabadwa akuzidziwa, amachita kuphunzira, n'kuphunziranso zikasintha.

Nkhani ya amake Luka inandisowetsa mtendere, chifukwa kubwerera kwanga ndiko kunawachotsa ntchito, ndipo nawonso ali ndi ana. Ndinapempha nambala yawo kwa ba Esinati. Poyamba sanafune kundilankhula. Pano timakumana Loweruka pakhomo la holo ija, iwo kuchokera ku Chawama, ine ku George, ndipo poyeserera ndimakhala wodwala wawo. Ntchito sanaipezebe.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikukupemphani, mukagwada muzikumbukira banja la ba Hedi, makamaka ba Joseph, amene akayang'ana ndodo ija pakona amatuluka panja. Mukumbukirenso amake Luka ndi ana awo, kuti khomo liwatsegukire. Ndipo ngati mwatsala ndi kamphindi, mutchuleko bambo a Dali ndi ana athu kuno ku George. Mulungu amene anatisunga masabata aja akusungeni nanunso.